Clarendon: zilembo zonenepa zimene sizikuwa

Kwa zaka zingapo tsopano ndakhala ndikugwira ntchito yoyala mawu pa kompyuta asanapite kokasindikizidwa, ndipo zambiri zimene zimadutsa m'manja mwanga si zoti munthu n'kudzitama nazo: mapulogalamu a maliro ndi a ukwati, timabuku ta misonkhano ya mpingo, malisiti, ndiponso zikwangwani za sukulu za mkaka. Pa ntchito yotereyi munthu amazolowera kutola zilembo zilizonse zimene zili pafupi, chifukwa mwini ntchito amakhala ataima pakhomo, ndipo mwambo wa maliro sungaime podikira kuti woyala mawu asankhe zilembo zomukomera. Koma chaka chatha ndinalandira ntchito imene inandikhazika pansi n'kundiganizitsa mofatsa za mtundu umodzi wa zilembo, wotchedwa Clarendon, umene ndinali nditauona kambirimbiri osaudziwa dzina lake.

Ntchitoyo inali kabuku ka nyimbo za kwaya ya amayi a mpingo wina, nyimbo 140 zimene anazisonkhanitsa kuchokera m'makope akale olembedwa pamanja. Mayi amene anabweretsa makopewo, munthu wachikulire ndithu, sanafunse za mtengo poyamba. Anati, "Mwanangu, ife maso anatha. Chimene tikufuna n'chakuti wotsogolera akatchula nambala, ife tiipeze nyimboyo asanamalize mzere woyamba." Anawonjezera kuti nthawi zambiri amaimba usiku pa maliro, pamene kuwala kumakhala kwa tochi kapena kwa babu limodzi lolendewera pakhonde. Pempho lawo linali lomveka bwino kuposa malangizo ambiri amene ndimalandira kwa anthu a m'maofesi: nambala ndi mutu wa nyimbo zizioneka msanga, koma mawu a nyimboyo asaphimbike.

Ndinayamba ndi zimene aliyense akanayamba nazo. Ndinayala mawu onse mu Times New Roman, mitu ndi manambala n'kuzinenepetsa. Nditasindikiza tsamba limodzi loyesera n'kulipachika pakhoma, ndinabwerera m'mbuyo mapazi angapo ndipo ndinaona kuti mizere yopyapyala ya manambala, monga ya pa 4 ndi pa 7, inkazilala ngakhale kuti mizere yochindikala inali yakuda bii. Kenako ndinayesa zilembo zakuda zopanda mapazi, za mtundu umene timaona pa zotsatsa malonda za makampani a foni. Nambala inaoneka kuchokera kutali ndithu, koma tsamba lonse linasanduka ngati chikwangwani cha sitolo, ndipo mutu wa nyimbo yolira maliro unkakhala ngati ukulengeza kutsika kwa mitengo. Apa m'pamene ndinayesa Clarendon, ndipo kusiyana kwake kunali koti ngakhale mnyamata amene amatithandiza kupinda mapepala anakuona osauzidwa.

Kuti zimene ndikunena zimveke, ndiyenera kufotokoza kaye za timapazi. Mukayang'anitsitsa zilembo za m'mabuku ambiri, muona kuti kumapeto kwa mzere uliwonse wa chilembo kuli kamzere kakang'ono kopingasa, kamene chilembocho chimaimirapo ngati mmene mpando umaimira pa miyendo yake. Akatswiri amatitcha timizere timeneti kuti serif, koma ine pano ndizititchula kuti timapazi. Mu Times New Roman timapazi n'topyapyala ndiponso tosongoka. Mu mitundu ina, monga Rockwell, imene kampani ya Monotype inatulutsa mu 1934, timapazi n'tochindikala ngati njerwa ndipo timakumana ndi thupi la chilembo pa ngodya yowongoka, popanda chozifewetsa. Clarendon ili pakati pa ziwirizi, ndipo chinsinsi chake chonse chagona pamenepo. Timapazi take n'tochindikala ndiponso tamakona, koma pamene kaphazi kakumana ndi mwendo wa chilembo pali kupindika kofewa kumene kumadzaza ngodyayo, monga mmene tsinde la mtengo limatambasukira pang'onopang'ono likamalowa m'nthaka. Chifukwa cha kupindikako, diso silikhumudwa pochoka pa mwendo kupita pa phazi, ndipo chilembo chimaoneka cholemera popanda kuoneka chaukali.

Pali zizindikiro zina zimene munthu akazidziwa sangaisokonezenso ndi mtundu wina. Zilembo zazing'ono monga a, c, f, r ndi y zimathera ndi kadontho kobulungira ngati kambewu ka nandolo, ndipo g ali ndi kakhutu kotero pamwamba. Mwendo wa R wamkulu sutsika mowongoka koma umapindikira m'mwamba kumapeto kwake. Mizere yopyapyala ya chilembo ilipo, koma si yopyapyala kwambiri poiyerekeza ndi yochindikala, moti inki ikachepa kapena pepala likakhala lotsika mtengo, chilembocho sichiduka. Zilembo zazing'ono n'zazitali ndithu poziyerekeza ndi zazikulu, ndipo zimenezi zimasiya mpata wokwanira mkati mwa a ndi e. Koma chimene chinandigwira mtima kwambiri pa ntchito ya amayi aja ndi manambala ake. Nambala 2, 3, 5, 6 ndi 9 zili ndi timadontho tobulungira tija, zimaima motakasuka, ndipo n'kovuta kusokoneza 3 ndi 8 kapena 5 ndi 6, ngakhale powerenga ndi tochi.

Nditayamba kufufuza kumene zilembozi zinachokera, ndinadabwa kupeza kuti vuto limene mayi aja anandibweretsera n'lofanana kwambiri ndi limene Clarendon inapangidwira. Kwa zaka pafupifupi 350 chiyambire ntchito yosindikiza mabuku ku Ulaya, osindikiza analibe zilembo zonenepa zotsindikira mawu mkati mwa ndime monga tili nazo lero. Akafuna kuti liwu lina lisiyane ndi anzake, ankagwiritsa ntchito zilembo zopendekera, zimene Aldus Manutius anayamba kusindikizira mabuku ku Venice mu 1501, kapena zilembo zazikulu zochepetsedwa msinkhu. Njira ziwirizi zimasiyanitsa liwu kwa munthu amene akuwerenga mzere ndi mzere, koma sizithandiza kwenikweni munthu amene akuyendetsa diso patsamba pofunafuna chinthu chimodzi. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800, mafakitale ndi malonda zitakula ku Britain, panabuka njala ya zilembo zokopa maso pa zikwangwani ndi pa timapepala totsatsa katundu. Osula zilembo a ku London anayankha popanga zilembo zonenepa mopitirira muyeso, ndipo mu 1815 Vincent Figgins anaonetsa m'buku lake la zitsanzo zilembo za timapazi tochindikala ngati njerwa, zimene iye anazitcha Antique ndipo ena pambuyo pake anazitcha Egyptian, ngakhale kuti zinalibe chibale chilichonse ndi malembedwe a ku Egypt. Zilembo zimenezo zinkagwira ntchito pakhoma la mumsewu, koma zikaikidwa mkati mwa tsamba la buku zinkameza china chilichonse chowandikana nazo.

Clarendon inatuluka mu 1845 ku Fann Street Foundry, nyumba yosulira zilembo ya ku London, pansi pa dzina la Robert Besley, ndipo mmisiri amene amatchulidwa kuti anasema zilembozo pachitsulo ndi Benjamin Fox. Tiyenera kukumbukira kuti nthawi imeneyo chilembo chilichonse, pa msinkhu uliwonse, chinkasemedwa pamanja kunsonga kwa kachitsulo kolimba, kachitsuloko n'kukhomedwa pa mkuwa kuti pakhale chikombole, ndipo m'chikombolemo ndi mmene ankathiramo mtovu wosungunuka wosakaniza ndi zitsulo zina. Chimene Besley ankagulitsa sichinali chabe zilembo zina zonenepa. Zinali zilembo zonenepa zimene zinapangidwa mwadala kuti zikhale pamzere umodzi ndi zilembo wamba za m'buku, zofanana nazo msinkhu ndi kaimidwe, ndipo n'chifukwa chake Clarendon yoyambirira inali yopanikizika pang'ono m'mbali kusiyana ndi imene ambiri timaidziwa lero. Potsatsa malonda ake, kampaniyo inkanena kuti zilembozi zimapangitsa liwu kapena mzere kuonekera popanda kuphimba mizere ina. Nditawerenga zimenezi ndinaseka ndekha, chifukwa ndi zomwezo zimene mayi wa kwaya anandipempha m'Chichewa chake, patapita zaka pafupifupi 180.

Besley anachitanso chinthu chimene chinalowa m'mbiri. Analembetsa Clarendon ku boma pansi pa lamulo la mu 1842 loteteza zojambula za pa katundu wamalonda, ndipo Clarendon imadziwika ngati mtundu woyamba wa zilembo kulembetsedwa motero. Chitetezocho chinali cha zaka zitatu zokha, ndipo sichinaletse osula zilembo ena kutengera maonekedwe ake, kotero kuti posakhalitsa nyumba zambiri zosulira zilembo ku Britain ndi ku America zinali ndi Clarendon yawoyawo. Besley anadandaula za kuberedwako, koma sanasauke nako, pakuti mu 1869 anakhala Lord Mayor, kapena kuti meya wamkulu, wa mzinda wa London. Dzina lenilenilo anthu ambiri amaligwirizanitsa ndi Clarendon Press, nyumba yosindikizira mabuku ya ku Oxford. Chimene chimandisangalatsa n'chakuti dzinali linafala mpaka linasiya kukhala la katundu wa kampani imodzi. Kwa nthawi yaitali osindikiza a ku Britain akanena kuti liwu liikidwe mu clarendon ankangotanthauza kuti likhale lonenepa, monga mmene kwathu kuno ambiri amatchulira mankhwala otsukira mano alionse ndi dzina la kampani imodzi.

Malo amene zilembozi zinapeza kwawo kwenikweni ndi m'mabuku amene anthu sawerenga kuyambira koyamba mpaka kumapeto: madikishonale, mabuku a sukulu, mindandanda ya katundu ndi ndandanda za nthawi ya sitima. Aliyense amene anatsegulapo mtanthauziramawu amadziwa mmene diso limachitira. Silimawerenga, limadumpha kuchoka pa liwu lakuda kupita pa liwu lakuda lotsatira mpaka litapeza limene likufuna, kenako n'kuima n'kuyamba kuwerenga tanthauzo m'zilembo zopyapyala. Kayalidwe kameneka timakaona ngati kachibadwa, ngati kuti buku lotere silingayalidwe mwanjira ina, koma kanachita kupangidwa ndi anthu, ndipo Clarendon ili m'gulu la zida zoyambirira zimene zinakatheketsa. Maganizo akuti mtundu uliwonse wa zilembo uzikhala ndi mnzake wonenepa wa banja lomwelo, amene lero timamupeza pongodina B pa kompyuta, anadzakhazikika pambuyo pake. Asanakhazikike, wosindikiza ankatola zilembo zonenepa m'kabati ina, ndipo kawirikawiri kabatiyo inali ya Clarendon.

Ku America zilembozi zinatenga njira ina imene ine sindiikonda kwenikweni, ngakhale kuti ndi imene anthu ambiri amaizindikira. Kumeneko zilembo zikuluzikulu za zikwangwani zinkasemedwa pamitengo, chifukwa mtovu wochuluka chotero ukanalemera kwambiri ndiponso sukanauma mosalala, ndipo makina osemera atafala zinali zosavuta kutalikitsa, kupanikiza kapena kukongoletsa chilembo mmene munthu wafunira. Mwa zimene zinabadwa pamenepo muli French Clarendon, imene timapazi take n'tonenepa kuposa miyendo ya chilembo, ndipo ndi imene timaona m'mafilimu a anyamata oweta ng'ombe pa mapepala olengeza za chigawenga chimene chikufunidwa. Imeneyo ndi mbale wake wa Clarendon amene anapita kutauni n'kuphunzira kufuula, ndipo ndikaiona pa kalata yoitanira anthu ku ukwati ndimamva chisoni.

Nthambi ina ya banja lomweli inalowa m'nyuzipepala mwakachetechete. Makina osindikizira nyuzipepala amathamanga kwambiri, pepala lake n'lotsika, ndipo inki imafalikira, moti zilembo za mizere yopyapyala zinkaduka pamene timipata tating'ono tinkadzaza inki. Cha pakati pa zaka za m'ma 1920 kampani ya Linotype, motsogozedwa ndi Chauncey H. Griffith, inatulutsa Ionic No. 5, zilembo zowerengera nkhani zimene zinatengera thupi lolimba ndi timapazi tochindikala ta banja la Clarendon, ndipo nyuzipepala zambiri za ku America zinasamukira ku zilembozo m'zaka zochepa. Mfundo imeneyi ndi yofunika kwa ife amene timasindikiza pa makina a fotokope otopa ndi pa mapepala otchipa, chifukwa mavuto athu ndi omwewo.

Clarendon imene ili m'makompyuta ambiri lero si ya Besley yeniyeni. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 zilembo za mtunduwu zinayamba kuoneka zachikale, koma zinadzukanso nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha. Mu 1953 kampani ya Haas ya ku Münchenstein, pafupi ndi Basel ku Switzerland, inatulutsa Clarendon yojambulidwanso ndi Hermann Eidenbenz, yotakasuka m'mbali ndiponso yosalala kuposa yakale. Kampani yomweyo ndi imene mu 1957 inatulutsa zilembo zopanda timapazi zimene pambuyo pake zinatchedwa Helvetica, ndipo n'zochititsa chidwi kuti nyumba imodzi inabala mitundu iwiri yosiyana khalidwe chotero m'zaka zinayi zokha. Ku America Freeman Craw anajambula Craw Clarendon cha m'ma 1955, ndipo ku Italy Aldo Novarese anapanga Egizio, imene inabwera ndi zilembo zopendekera, chinthu chimene Clarendon yoyambirira inalibe. Kwa zaka zambiri bungwe loyang'anira malo osungirako zachilengedwe ku United States, la National Park Service, linkalemba zikwangwani zake za m'misewu mu Clarendon, zilembo zoyera pa thabwa lofiirira, lisanasinthe n'kuyamba kugwiritsa ntchito zilembo zopangidwira bungwelo. Ndipo ngati m'nyumba mwanu muli wailesi kapena wailesi yakanema ya Sony, yang'anani dzina limene lili kutsogolo kwake, chifukwa zilembo zinayizo ndi za kalembedwe ka banja lomweli, zotambasulidwa m'mbali.

N'chifukwa chiyani kampani ya zamagetsi ndi bungwe la nkhalango angasankhe zilembo za mtundu umodzi? Ine ndikuganiza kuti yankho lili pa kupindika kuja kwa pakati pa mwendo ndi phazi. Kulemera kwa zilembozi kumauza wowerenga kuti wolembayo ndi wokhazikika ndipo sachoka mawa, pamene kufewa kwa ngodya ndi timadontho tobulungira zimachotsa ukali umene kulemera kumabwera nawo. Zimandikumbutsa mawu a mkulu wa bwalo amene akayamba kulankhula anthu amakhala chete, osati chifukwa wakweza mawu koma chifukwa mawu akewo ndi olemera. Khalidwe limeneli lili ndi malire ake. Clarendon sionetsa zachilendo kapena zamakono, ndipo pa chikwangwani cha sitolo yogulitsa mafoni atsopano ingaoneke ngati agogo atavala jekete la ukwati wawo. Siyeneranso zinthu zofuna ulemu wopepuka, monga khadi la chinkhoswe, pamene zilembo zopyapyala zimagwira bwino.

Tsopano ndibwerere ku kabuku ka amayi, chifukwa pamenepo m'pamene ndinaphunzira zimene mbiri sinandiuze. Chinthu choyamba chinali chakuti Clarendon ya masiku ano ndi yotakata, ndipo Chichewa chili ndi mawu aatali odzaza ndi m, n ndi w, zimene ndi zilembo zotambalala kale. Mutu wa nyimbo umene m'Chingerezi ukanakhala timawu tinayi tatifupi, kwa ife umatha kukhala liwu limodzi lalitali ngati "ndidzakutamandani" lotsatana ndi lina lofanana nalo kutalika, ndipo pa tsamba laling'ono la A5 mutu wotere sukwana pamzere umodzi. Mayesero amene amabwera pamenepo ndi oti munthu agwire mawuwo ndi mausi n'kuwapanikiza m'mbali kuti akwane. Ndikupemphani anzanga a ntchitoyi kuti musatero. Mukapanikiza chilembo motero, mizere yoimirira imaonda pamene yopingasa imakhala momwemo, timadontho tobulungira timasanduka mazira, ndipo zonse zimene Fox ndi Eidenbenz anavutikira zimawonongeka m'kamphindi. Ine ndinangochepetsa msinkhu wa mitu kufika pa mapointi 12 n'kulola kuti mitu itaiitali igwere pamzere wachiwiri, pamene manambala ndinawasiya aakulu, pa mapointi 20, kumanzere kwa mutu. Ndinapeza kuti chifukwa cha kulemera kwake, Clarendon ya mapointi 12 inkaoneka msanga kuposa Times yonenepa ya mapointi 14.

Chachiwiri chinali nkhodolero. Chichewa chimagwiritsa ntchito kachizindikiro kameneka kwambiri kuposa mmene ojambula zilembo a ku Ulaya ankaganizira: m'nyumba, n'zoona, ng'ombe, pang'ono. M'mawu ngati ng'oma, nkhodolero ndi mbali ya kalembedwe ka liwulo, ndipo ikasowa kapena ikazilala wowerenga amapunthwa. Nkhodolero ya Clarendon ndi kadontho konenepa kokhala ndi mchira wopindika, kofanana ndi timadontho ta pa a ndi r, ndipo imaoneka bwino ngakhale pa fotokope yachitatu. Koma pali msampha. Makope ena atatayipidwa pa foni, nkhodolero zake zinabwera zowongoka ngati za taipilaita, ndipo pakati pa zilembo zonenepa zobulungira kamzere kowongokako kankaoneka ngati kachitsotso kogwera patsamba. Ndinachita kuzisintha zonse kuti zikhale zopindika. Ndinaonanso kuti pa "ng'" kakhutu ka g ndi nkhodolero zimayandikana kwambiri moti pa mitu ina ndinawonjezera kampata pang'ono kuti ziwirizo zisagundane.

Chachitatu chinandipweteka m'thumba. Nyimbo zina zakale zinalembedwa ndi w wa kachipewa pamwamba, ŵ, monga mmene mabuku akale amalembera Malaŵi, ndipo amayiwo anafuna kuti kalembedwe kameneko kasungidwe. Fonti (mtundu wa zilembo wa pa kompyuta) ya Clarendon imene ndinali nayo inalibe chilembo chimenechi, ndipo kompyuta, m'malo mondichenjeza, inangobwereka ŵ wa fonti ina yopyapyala n'kumuika pakati pa zilembo zonenepa. Pa sikirini sindinazione, ndinadzaziona masamba 30 atasindikizidwa kale. Chilembo chimenechi chimapezekanso m'chilankhulo cha ku Wales, choncho mafonti amene anapangidwa moganizira zilankhulo zambiri za ku Ulaya amakhala nacho, koma mafonti akale ambiri alibe. Ndinathera pa fonti yaulere yotchedwa Besley, imene inajambulidwa masiku ano motengera Clarendon ndipo imapezeka pa Google Fonts, yokhala ndi makulidwe angapo komanso zilembo zopendekera. Chiyambire tsiku limenelo, ndisanayambe ntchito iliyonse ya Chichewa, ndimatayipa kaye ŵ, Ŵ, ng' ndi manambala onse mu fonti imene ndasankha, ndipo popita kosindikiza ndimanyamula PDF yokhala ndi mafonti mkati mwake, chifukwa kompyuta ya kumalo osindikizira ikapanda kukhala ndi fontiyo imaika ina mosafunsa munthu.

Pali cholakwa china chimene ndimachiona kawirikawiri pa ntchito za anzanga, ndipo nanenso ndinachichitapo kale. Munthu amasankha fonti imene ili yonenepa kale, kenako n'kudinanso B poganiza kuti mutu uoneka kwambiri. Fontiyo ikakhala kuti ilibe mnzake wonenepa kuposa pamenepo, pulogalamu imangopaka chilembocho mafuta m'mbali zonse, timipata ta mkati mwa a, e ndi g timatsekeka, ndipo pepala likamwa inki zilembozo zimasanduka timabala takuda. Kunenepa kwabwino kumachita kujambulidwa, ndipo wojambula amadziwa pamene ayenera kuwonjezera ndi pamene ayenera kusiya mpata woti kuwala kudutse.

Mawu a nyimbo enieniwo sindinawaike mu Clarendon. Ndinayesa tsamba limodzi kuti ndione, ndipo linada ngati munda wotenthedwa, moti nambala ndi mutu zinasowa m'kati mwa anzawo. Zilembo zonenepa zimaoneka chifukwa chakuti zozizungulira n'zopepuka, ndipo tsamba likadzaza nazo palibenso choonekera. Ndinasankha Century Schoolbook, imene Morris Fuller Benton anajambulira mabuku a ana a sukulu ku America cha m'ma 1919. Zilembo zimenezi zili ndi timadontho tobulungira ndi kaimidwe kowongoka kofanana ndi ka Clarendon, kotero kuti ziwirizi zikakhala patsamba limodzi zimaoneka ngati munthu ndi mphwake, wina wojintcha wina wochepa thupi, koma nkhope imodzi. Liwu lakuti Kolasi, limene limabwera m'nyimbo zambiri, ndinaliika mu Clarendon yaing'ono ya msinkhu wofanana ndi mawu a nyimbo, ndipo pamenepo ndinazindikira kuti ndikuchita ndendende zimene Besley ankagulitsira zilembo zake mu 1845, liwu limodzi lakuda pakati pa mizere yopepuka.

Mayi aja atabwera kudzaona chitsanzo, sindinawauze chilichonse cha Fann Street kapena Basel. Ndinazimitsa magetsi a mu ofesi, ndinatseka katani, ndinawapatsa kabukuko ndipo ndinatchula nambala 86. Anatsegula chapakati, anayendetsa chala m'mphepete mwa masamba atatu kapena anayi, n'kuima. Anayamba kuimba mzere woyamba chapansipansi, kenako anandiyang'ana n'kunena kuti, "Mwanangu, tipangireni 60, koma chikuto chikhale cholimba chifukwa timayenda nato m'mvula."